Mwala Usanduka Bwanji Chitsulo?

Anzanga ophunzira, ndi inu aphunzitsi athu, m'phunziro lino tikambirane za chinthu chimene tichigwira tsiku ndi tsiku, koma sitifunsa kumene chichokera. Khasu lolimira m'madimba a ku Naperi, malata ofolera nyumba zathu muno m'Chitawira, njanji ya pa Limbe, mbaula zimene amisiri a ku Ndirande akhoma, zonsezi ndi chitsulo, ndipo chitsulo chonsecho poyamba chinali mwala. Ambiri a ife tiyesa kuti mwalawo angouponya pamoto waukulu, nusungunuka, chitsulo nichiyenderera monga mafuta m'chiwaya. Inde, ng'anjo zazikulu za m'mafakitale zisungunula, koma kusungunulako sindiko kumene kusandutsa mwala kukhala chitsulo. Mwala ukhoza kusanduka chitsulo uli chiumire, wosasungunuka konse. Makolo athu anachita zimenezi ndi makala kwa zaka zoposa 1,500, ndipo lero anthu a ku Sweden ndi a ku Namibia achita zomwezo ndi mpweya wotchedwa haidirojeni.

Chinsinsi cha nchito yonseyi chiri m'kati mwa mwalawo. Mpweya uyenera kupeza njira yolowera kufikira pakati penipeni, ndipo zimene mpweyawo walanda ziyenera kupeza njira yotulukira. Mwala umene ung'ambika ndi kutseguka upereka chitsulo msanga. Mwala umene utseka makomo ake ukana, ngakhale moto ukule chotani. Tiyeni tione m'mene zimenezi zichitikira.

1. Mwala wa chitsulo nchiyani?

Chitsulo sichikonda kukhala chokha. Mukasiya khasu pamvula, patapita masiku owerengeka lichita dzimbiri, ndiko kunena kuti chitsulo chagwirana ndi okosijeni wa mu mpweya. Mwala wa chitsulo, umene akale ankautcha mtapo, ndiwo dzimbiri la dziko lapansi limene linapangika kalekale. Ngakhale kufiira kwa dothi la katondo kuchokera ku dzimbiri lomweli. Tsono nchito ya wopanga chitsulo ndiyo kulekanitsa awiri amene anagwiranawa, kulanda okosijeni ndi kusiya chitsulo. Mabuku athu a Chemistry nchito imeneyi aitcha reduction.

Miyala yodziwika ya chitsulo iripo iwiri. Woyamba ndi hematite, amene tilemba Fe₂O₃. Mukamkhutiza pa phale asiya mzere wofiira, ndipo dzina lake lichokera ku mau a Chigriki otanthauza magazi. M'makilogalamu 100 a hematite wangwiro muli makilogalamu 70 a chitsulo ndi 30 a okosijeni. Wachiwiri ndi magnetite, Fe₃O₄, wakuda ndi womamatira ku maginito, ndipo mwa iye chitsulo chifika makilogalamu 72. Mukayendetsa maginito mu mchenga wa m'ngalande mvula itakata, kawirikawiri mudzaona timchenga takuda titakangamira. Tambiri ta ito ndi magnetite. Akatswiri a miyala anapeza miyala iwiriyi pa Mindale, kumpoto kwa Blantyre, ndi pa Dzonze m'boma la Ntcheu.

Pali chinthu chimodzi chimene tiyenera kuchigwiritsa tisanapitirire. Maatomu a m'mwala sakhala mwachisawawa iai, koma anasanjika m'mizere ndi m'magulu. Taonani m'mene wogulitsa malalanje mu msika wa Limbe asanjira mulu wake. Ayala gulu loyamba pansi, ndipo malalanje a gulu lachiwiri akhala m'maenje a pakati pa oyambawo. Pofika pa gulu lachitatu pali njira ziwiri: akhoza kuika lalanje lirilonse molunjika pamwamba pa la gulu loyamba, kapena akhoza kusunthira m'maenje ena, kotero kuti gulu lachinayi ndilo lidzalunjike pa loyamba. Maatomu a okosijeni ali ngati malalanjewo, ndipo maatomu a chitsulo ali ngati nandolo wogwera m'mipata mwao. Mu hematite okosijeni anasanjika m'njira yoyamba, koma mu magnetite anasanjika m'njira yachiwiri. Kusiyana kumeneku kuoneka kwachabe, koma tidzaona kuti nkhani yonse yagona pamenepa.

2. Ng'anjo ya makolo

M'zaka za m'ma 1960 wofukula zakale Keith Robinson anakumba pa phiri la Phopo ku Rumphi ndi ku Nkope ku Mangochi, napeza umboni wakuti anthu a m'dziko muno anali kudziwa kale nchito ya chitsulo cha m'ma 300, Yesu atabadwa. David Livingstone atakwera mapiri athu ano mu 1859 anapeza Amang'anja akuyenga chitsulo m'midzi yao, ndi kusula makasu, nkhwangwa, mikondo ndi mipeni. Nchitoyi inayamba kuzirala pamene makasu a kunja anachuluka m'masitolo, ndipo ng'anjo zotsiriza zinazima cha m'ma 1930. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery anapempha nkhalamba za kwa Chulu ku Kasungu ndi za ku Phoka, kufupi ndi Livingstonia, kuti ziyatsenso ng'anjo monga zinaonera paubwana wao, ndipo zimene zinachitikazo anazilemba.

Ng'anjo yaikulu ya ku Kasungu inali youmba ndi dothi, yaitali kupambana munthu. Sinafune mvukuto, pakuti inadzikokera yokha mpweya kudzera m'mipope ya dothi imene analowetsa m'munsi mwake. M'katimo anathira makala ndi mtapo mosinthanasinthana. Makala akamayaka pamalo pamene mpweya uli wochepa atulutsa kaboni monokusaidi, mpweya woopsa womwe uja umene upha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka nyengo ya June. Mpweya umenewu uli ndi njala ya okosijeni, ndipo pokwera m'ng'anjo ulanda okosijeni wa mu mtapo, nusanduka kaboni dayokusaidi.

Moto wa ng'anjo yotere unali kufika madigiri 1,200 kapena kupitirira pang'ono, koma chitsulo changwiro sichisungunuka kufikira madigiri 1,538. Chimene chinali kusungunuka ndi zinyalala za mwala, mchenga ndi dothi zosanganikirana ndi dzimbiri lina. Potsegula ng'anjo anapezamo chibuma cha chitsulo cha maenjemaenje, chofanana ndi chinkhupule, ndipo wosula anachitenthanso pa chipala, nachimenya ndi nyundo kufikira zinyalala zitafinyika ndi maenje atatsekeka. Khasu lotere linali labwino, koma mtengo wake unalipidwa ndi nkhalango, pakuti chibuma chimodzi chinadya milu ya makala yolemera kuchiposa kwambirimbiri.

3. Haidirojeni alowa m'malo mwa makala

Haidirojeni ndiye mpweya wopepuka koposa mipweya yonse. Henry Cavendish ndiye anamfotokoza bwino mu 1766. Nayenso ali ndi njala ya okosijeni, koma iye akalanda okosijeni chimene chituluka ndi madzi, monga nthunzi. Tilemba motere:

Fe₂O₃ + 3H₂ → 2Fe + 3H₂O

Tiyeni tiwerenge monga tichitira m'kalasi. Magalamu 160 a hematite ndi magalamu 6 a haidirojeni apereka magalamu 112 a chitsulo ndi magalamu 54 a madzi. Potero tani imodzi ya chitsulo ifuna hematite wangwiro wokwana makilogalamu pafupifupi 1,430 ndi haidirojeni wokwana makilogalamu 54, ndipo itulutsa madzi malita 480. Koma tikagwiritsa kaboni monokusaidi, tani yomweyo itulutsa kaboni dayokusaidi wokwana makilogalamu pafupifupi 1,180, osawerengera utsi wa moto wotenthetsera.

Mzere umodzi wa pa bolodiwu utinamiza pang'ono, pakuti uonetsa ngati mwala ulumpha kamodzi nkukhala chitsulo. Sizitero iai. Pamene ng'anjo yatentha kupitirira madigiri 570, mwala ukwera makwerero atatu, ndipo pa khwerero lirilonse thupi lake lisinthika.

4. Makwerero atatu

Kuti kuwerenga kusatibvute, titenge kachidutswa ka hematite kokhala ndi maatomu 6 a chitsulo ndi 9 a okosijeni, tikatsate kufikira mapeto.

Khwerero loyamba: hematite asanduka magnetite. Pano haidirojeni alanda atomu imodzi yokha mwa 9 aja, natsala 8. Kulanda nkwapang'ono, koma chisokonezo nchachikulu, chifukwa okosijeni otsalawo ayenera kusiya kasanjidwe ka njira yoyamba ndi kutsata ka njira yachiwiri. Ganizani munthu wofuna kusanjanso malalanje ali m'dengu lodzaza, osawatulutsa. Malalanje adzakankhana, ndipo dengu lidzaphulika m'mbali. Chomwecho mwala utupa, nuchita ming'alu ndi timaenje tosawerengeka. Mtundu wake uchoka pa kufiira nukhala wakuda, ndipo mutautulutsa pa nthawi imeneyi ukhoza kumamatira ku maginito. Ming'aluyo ifooketsa mwala, kotero kuti wina ufumbutuka nkukhala pfumbi lotseka njira za mpweya m'ng'anjo. Koma ming'alu yomweyo ndiyo misewu imene haidirojeni adzalowera m'kati pa makwerero otsatira. Popanda iyo nchito ichedwa ndithu.

Khwerero lachiwiri: magnetite asanduka wüstite. Dzina limeneli analitcha polemekeza Fritz Wüst, katswiri wa zitsulo wa ku Germany, ndipo m'mabuku tilemba FeO. Pano haidirojeni alanda maatomu ena 2, natsala 6. Khwerero limeneli ndi lachete, chifukwa okosijeni mu wüstite asanjika monga momwe anasanjikira mu magnetite. Palibe kugwetsa mulu ndi kuusanjanso. Wüstite ali ndi makhalidwe awiri odabwitsa. Loyamba, sakhazikika pansi pa madigiri 570. Ng'anjo ikakhala yozizira kuposa pamenepo, magnetite alumpha khwerero lino napita ku chitsulo molunjika. Lachiwiri, m'mizere yake muli malo ena opanda eni, momwe maatomu a chitsulo anayenera kukhala koma palibe. Malo opanda eniwo athandiza maatomu a chitsulo kuyenda m'kati mwa mwala wouma, monga m'kalasi mokhala mipando yopanda anthu ophunzira akhoza kusuntha mpando ndi mpando kufikira kutsogolo.

Khwerero lachitatu: wüstite asanduka chitsulo. Apa ndipo pagona nchito yaikulu, pakuti maatomu 6 otsala aja, ndiwo magawo awiri mwa atatu a okosijeni yense, achoka pa khwerero lokhali. Ndiponso ili ndilo khwerero lochedwa koposa ena. Haidirojeni afika pa nkhope ya wüstite, natola okosijeni, nachoka monga nthunzi. Maatomu a chitsulo otsala amasiye asonkhana m'timagulu, timaguluto tikula ndi kulumikizana, ndipo pamene panali okosijeni patsala mphako.

Kukula kwa mphakozo tikhoza kukuwerenga tokha. Magalamu 160 a hematite adzaza malo okwana masentimita 30 a kiyubiki, koma magalamu 112 a chitsulo otuluka m'menemo adzaza masentimita 14 okha. Tsono ngati mwala sunasinthe msinkhu wake wa kunja, malo oposa theka m'kati mwake ndi maenje okhaokha. Nchifukwa chake chitsulo chotere Angerezi achitcha sponge iron, ndiko kunena chitsulo cha chinkhupule. Mukachinyamula chioneka ngati mwala womwe uja, koma chapepuka, pakuti makilogalamu 30 pa 100 alionse auluka.

Makwerero atatuwa sachitika m'mwala monse nthawi imodzi. Ayamba kunja kulowa m'kati. Mutatulutsa mwala nchito iri pakati ndi kuudula pawiri, mukhoza kuona zikhungwa monga za anyezi: kunja chitsulo, kenaka wüstite, kenaka magnetite, ndipo pakati penipeni hematite wofiira amene mpweya sunamfike. Haidirojeni aliyense wopita pakatipo ayenera kudutsa zikhungwa zonsezi, ndipo nthunzi iyenera kubwerera njira yomweyo.

Apa ndipo haidirojeni apambana mnzake. Kulemera kwa molekyulu yake ndi 2, pamene kwa kaboni monokusaidi ndi 28, ndipo mwa lamulo la Graham iye ayenda m'timaenje mofulumira pafupifupi kanayi. Poyesa m'malabotale, pa kutentha kofanana kwa madigiri 800 kapena 900, haidirojeni atsiriza nchito msanga kuposa kaboni monokusaidi, ndipo chitsulo chimene asiya chikhala ndi timaenje tating'onoting'ono tochuluka.

Tsopano nachi chodabwitsa. Magnetite ali ndi okosijeni wochepa, ndipo ayambira pa khwerero lachiwiri, kotero tikadayesa kuti iye ndiye wosabvuta. Koma zoona zake nzakuti magnetite wa m'phiri achedwa kuposa hematite, chifukwa sanadutse khwerero long'amba lija. Thupi lake liri logwirana, lopanda misewu. Chifukwa cha ichi, ku Kiruna m'dziko la Sweden, kumene akumba magnetite wambiri, amampera nkukhala ufa, naumba timipira tokula ngati nzama zazikulu, natiotcha mu mpweya pa madigiri oposa 1,200 kuti tisanduke hematite. Ayamba aonjezera okosijeni amene afuna kumchotsa, monga nkhosa yamphongo iyamba yabwerera m'mbuyo isanagunde.

5. Zobvuta zinayi

Munthu asayese kuti nchitoyi ingoyenda yokha. Pali zobvuta zinayi, ndipo zonse zikhudza njira zolowera ndi zotulukira.

Choyamba ndi chikhungwa chotseka. Nthawi zina chitsulo choyamba kupangika sichikhala cha maenje, koma chikuta kambewu ka wüstite ponseponse, ndipo moto ukakula timaenje timene tinalipo tiphatikana nkutsekeka. Zikatero haidirojeni sakhudzanso wüstite, ndipo okosijeni wa m'kati ayenera kukwawa yekha kupyola chitsulo chouma, ulendo wochedwa kwambiri. Chifanana ndi mibulu ya m'phala: kunja kwapsa, koma m'kati ufa uli gwa, ndipo kusonkhezera moto sikuthandiza. Nchifukwa chake magawo otsiriza a okosijeni ndiwo abvuta koposa kuchotsa.

Chachiwiri ndi ndevu. Pa khwerero lachitatu, maatomu a chitsulo akathamangira pa malo amodzi, chitsulo chimera ngati tsitsi lopyapyala lotuluka pa nkhope ya wüstite. Ndevu zimenezi zikankha timbewu toyandikana, ndipo kampira katupa koopsa. Amisiri aona kutupa kosapitirira 20 pa 100 monga kwa masiku onse, koma ndevu zikamera kutupako kupitirira pamenepo kutalitali. Zikolananso ndi ndevu za timipira tina, mpaka katundu yense wa m'ng'anjo agwirana nakana kutsika. Ndevu zikonda kumera pamene mpweya uli wa kaboni monokusaidi. Haidirojeni akachuluka zichepa, chifukwa iye ayambitsa timagulu ta chitsulo pa malo ambirimbiri nthawi imodzi. Komabe chitsulo chatsopano chikatentha kwambiri chimamatirana, ndipo pofuna kuletsa zimenezi timipira atipaka pfumbi la laimu kapena la simenti tisanalowe m'ng'anjo.

Chachitatu ndi nthunzi. Mu 1784 Antoine Lavoisier anapititsa nthunzi mu mpope wa mfuti wotentha psuu, ndipo chitsulo chinalanda okosijeni wa m'madzimo, haidirojeni natuluka. Taonani, imeneyi ndi nchito yathu yomwe ija, koma yoyenda chobwerera. Tsono nthunzi ikachuluka m'timaenje, kulanda kuima, ndipo chitsulo chikhoza kuyambanso kubwerera ku dzimbiri. Pa madigiri 800, pa khwerero lachitatu, haidirojeni amene agwira nchito pa ulendo umodzi sapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu. Chifukwa chake mpweya wotuluka pamwamba pa ng'anjo sautaya iai. Auziziritsa kuti nthunzi isanduke madzi, ndipo haidirojeni wotsala amtenthetsanso nambwezera m'ng'anjo.

Chachinayi ndi kuzizira. Kaboni monokusaidi polanda okosijeni wa hematite atulutsa kutentha pang'ono, koma haidirojeni ameza kutentha. Ng'anjo ya haidirojeni yekha idziziziritsa yokha, monga thukuta liziziritsa thupi, ndipo ikazizira nchito ichedwa. Potero mpweya uyenera kulowa uli wotentha kale, ndiponso wochuluka. Koma ukatenthetsa, timaenje titsekeka ndipo timipira timamatirana. Mmisiri ayenda pakati pa maenje awiri, ndipo pano mpamene mwambi uja ukwanira, wakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

6. Chinkhupule chitatuluka

Chitsulo cha chinkhupule sichinafike pokhala khasu. Popeza chiri ndi maenje ochuluka, mpweya ndi chinyezi zichilowa mosabvuta, ndipo chichita dzimbiri msanga, mpaka mulu wake ukhoza kudzitenthetsa wokha ndi kuyaka m'nkhokwe kapena m'sitima ya pamadzi. Pofuna kuchitumiza kutali achipanikiza chikali chotentha, nkukhala timitanda tofanana ndi sopo. Makina opanikizawo achita nchito yomwe ija imene nyundo ya wosula inachita pa chipala, ndiyo kutseka maenje amene mpweya unatsegula.

Ndiponso popeza mwala sunasungunuke, mchenga ndi dothi zimene zinali m'menemo zikali momwemo. Chifukwa chake njira imeneyi ifuna mwala woyera bwino, wokhala ndi chitsulo chokwana 67 pa 100 kapena kuposa. Pomaliza chinkhupulecho achisungunula m'ng'anjo ya magetsi, zinyalala ziyandama pamwamba nazichotsa, ndipo athiramo kaboni pang'ono kuti chikhale chitsulo cholimba chimene tipangira njanji ndi makasu.

7. Chifukwa ninji anthu abvutika nazo?

Chaka chirichonse dziko lapansi lipanga chitsulo chokwana matani pafupifupi 1,900 miliyoni, ndipo chochuluka chichokera m'ng'anjo zazitali zodya malasha, njira imene Abraham Darby anayamba ku Coalbrookdale mu 1709. Sitima zazitali zimene zidutsa pa Nkaya ndi pa Liwonde, pa njanji ya ku Nacala imene inatsegulidwa mu 2017, zinyamula malasha a ku Moatize, ndipo ambiri a iwo apita ku ng'anjo zotere kutsidya kwa nyanja. Tani iriyonse ya chitsulo itulutsa kaboni dayokusaidi wokwana matani pafupifupi awiri, ndipo nchito ya chitsulo yokha ipereka magawo 7 kapena kuposa pa 100 a mpweya wotere umene anthu atulutsa. Mpweya umenewu ufunditsa dziko, ndipo mlengalenga mukafunda musenza chinyezi chochuluka, mvula ya namondwe nikula mphamvu. Ife amene tiona phiri la Soche tsiku ndi tsiku, ndi kukumbukira zimene namondwe Freddy anachita ku Chilobwe mu March 2023, sitifuna wina wotiuza kuti nkhaniyi itikhudza.

Kupanga chinkhupule ndi mpweya sikunayambe dzulo. Fakitale ya HYL inayamba ku Monterrey m'dziko la Mexico mu 1957, ndipo ya Midrex inayamba ku Portland, m'dziko la America, mu 1969. Zimenezi zitenga gasi wa pansi pa nthaka, nizimsandutsa mpweya wosanganiza, umene theka lake ndi kuposa ndi haidirojeni, wotsalawo makamaka kaboni monokusaidi. Chatsopano ndicho kuchotseratu kaboni, ndi kutenga haidirojeni m'madzi powang'amba ndi magetsi. Mu 2016 makampani atatu a ku Sweden, SSAB, LKAB ndi Vattenfall, anagwirizana pa nchito yotchedwa HYBRIT. Ng'anjo yao yoyesera inayamba ku Luleå mu 2020, ndipo mu 2021 anapereka chitsulo choyamba kwa a Volvo opanga magalimoto. Muno mu Afrika, mu April 2025, anatsegula fakitale ya Oshivela kufupi ndi Arandis m'chipululu cha Namibia, imene ipanga haidirojeni ndi magetsi a dzuwa, nisandutsa naye mwala kukhala chitsulo.

8. Nanga ife?

Tisadzinyenge kuti mawa lomwe lino ng'anjo yotere idzaima ku Makata kapena ku Chirimba. Tiyeni tiwerengenso. Kung'amba madzi kuti tipeze kilogalamu imodzi ya haidirojeni kufuna mayunitsi a magetsi 50 kapena kuposa pang'ono. Makilogalamu 54 aja tsono afuna mayunitsi oposa 2,700, ndipo apo sitinawerengere kutenthetsa mpweya ndi kusungunula chinkhupule. Munda wa magetsi a dzuwa wa ku Salima, umene unayamba nchito mu 2021, upereka mamegawati 60 dzuwa likakhala paliwombo. Ukanati upereke mphamvu zake zonse ku nchito imeneyi kwa ora lathunthu, haidirojeni wake akanakwanira matani a chitsulo pafupifupi 20 okha. Dziko limene nyumba zambiri zikali kuphikira makala ndi nkhuni liyenera kuyamba lachulukitsa magetsi ake.

Chachiwiri, mwala wa pa Mindale kapena pa Dzonze sungalowe m'ng'anjo monga uliri. Wina ayenera kuupera, kuupeta ndi maginito, kuumba timipira, kutiotcha, kutidula pawiri, ndi kuyang'ana pa maikulosikopu ngati ming'alu yatseguka, ngati ndevu zamera, ngati chikhungwa chatseka. Mwala wa phiri lirilonse uli ndi khalidwe lake, ndipo buku lolembedwa ku Sweden silingatiuze khalidwe la mwala wa ku Ntcheu. Nkhalamba za kwa Chulu zinadziwa mtapo wao pouyang'ana ndi pouyesa m'manja, ngakhale sizinamve dzina la wüstite. Nzeru imeneyo inatsala pang'ono kulowa m'manda pamodzi ndi eni ake, ndipo kwa zaka pafupifupi 100 dziko lino silinayenge chitsulo kuchokera ku mwala wake monga linachitira kale.

Sukulu ya ukachenjede ya MUBAS, imene kale inali Polytechnic, iri pafupi pomwepa, ndipo kumeneko aphunzitsa za migodi ndi za kuyenga miyala. Museum ya pa Chichiri, kumene tikhoza kuona zida zachitsulo za akale, nayonso tifikako ndi miyendo. Wophunzira amene ayenda pakati pa nyumba ziwirizi maso ali otseguka adzaona kuti nkhani yao ndi imodzi. Khomo lolowera ndilo Chemistry, Physics ndi Masamu, maphunziro amene ambiri a ife tiwathawa. Koma ndichenjeze anzanga a Fomu 1 ndi 2: haidirojeni akasanganikirana ndi mpweya aphulika ndi kamoto kakang'ono, kotero munthu asayese kumpanga kapena kumtenthetsa popanda mphunzitsi.

Mafunso oti tikambirane m'kalasi

1. Tchulani makwerero atatu amene hematite akwera pa madigiri 900. Ndi khwerero liti limene lisowa ng'anjo ikakhala pa madigiri 500?

2. Chifukwa ninji mwala ung'ambika pa khwerero loyamba, pamene okosijeni wochoka ali wochepa chotero?

3. Fakitale ifuna kupanga matani 50 a chitsulo pa tsiku. Idzafuna makilogalamu angati a haidirojeni, ndipo idzatulutsa malita angati a madzi?

4. Fotokozani chifukwa chake a ku Kiruna asandutsa magnetite kukhala hematite asanamchotse okosijeni.

5. Funsani agogo anu ngati kwao kunali ng'anjo, mtapo ankaukumba kuti, ndipo makala ake anali a mitengo yanji. Lembani zimene akuuzani, mupereke kwa akonzi kuti zituluke m'magazini yotsatira.